SSD ikamatentha, yezani kaye musanagule heatsink

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti anaika SSD (kachipangizo kosungira mafayilo) ya M.2 NVMe, mtundu wothamanga womwe umalowetsedwa pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta), m'kompyuta yake ya patebulo, koma akamakopera mavidiyo akuluakulu liwiro limayamba bwino kenako n'kutsika kwambiri. Akufunsa ngati vuto ndi kutentha, komanso ngati agule heatsink, kachitsulo komwe kamachotsa kutentha.

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Ikani CrystalDiskInfo kapena HWiNFO, mapulogalamu aulere oonetsa kutentha kwa SSD, muyambe kukopera fayilo yaikulu uku mukuyang'ana madigiri. Ma SSD ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 70 Celsius. Ikapitirira pamenepo, SSD imadzichepetsera yokha liwiro kuti isawonongeke. Koma ngati liwiro likutsika madigiri ali cha m'ma 50, kutentha musakunamizire. Ma SSD ambiri ali ndi kagawo kolandirira mafayilo mofulumira, kotchedwa cache. Kakadzaza, liwiro limagwa basi, ndipo heatsink singathandize kanthu.

Tinene kuti mwaonadi madigiri 75. Chimene chimatentha kwambiri ndi controller, kachip kamene kamayendetsa zonse, osati timachip tosunga mafayilo. Ndiye tsegulani bokosi la kompyuta muone pamene SSD yakhala. Pa motherboard zambiri pamakhala malo a M.2 pansi penipeni pa graphics card (khadi loyendetsa zithunzi), pomwe mpweya wotentha umathera. Ngati pali malo ena othamanga mofanana, isamutseni. Buku la motherboard likuuzani.

Ngati motherboard inabwera ndi chivundikiro chachitsulo cha M.2, heatsink muli nayo kale. Itembenuzeni. Kunsi kwake kuli thermal pad yofewa yopititsa kutentha kuchitsulo, yokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, nthawi zambiri kabuluu. Anthu ambiri amamanga osakamatula, n'kumadabwa kuti chitsulo chili zii pomwe SSD ikuotcha. Kamatuleni. Koma chomata cha kampani chimene chili pa SSD chisiyeni, chifukwa kuchichotsa kungakuphereni waranti.

Chitsulocho sichizizira chokha, chimafuna mphepo. Fani yakutsogolo izilowetsa mpweya, yakumbuyo izitulutsa. Fumbi lipukuteni, bokosi lichoke pakona pamene mwalipanikiza. Ine ndimadabwa ndi anthu ogula heatsink yodula, yamagetsi ophethira, bokosi lilibe fani ngakhale imodzi kutsogolo. M'chipinda mukatentha ngati mwezi wa Okutobala, dziwani kuti madigiri a SSD nawonso akwera.

Kugula heatsink kumadalira mtundu wa SSD. SSD ya SATA, yothamanga pafupifupi 550 MB pa sekondi, siifuna chilichonse. Ya PCIe 4.0, yofika 7,000, kaheatsink wamba ka aluminiyamu kaikwanira. Za PCIe 5.0 monga Crucial T700, yopitirira 12,000, musaziyendetse zopanda heatsink. Ingoyezani kutalika kwa heatsink musanalipire, kuti isakagundane ndi graphics card.