Botox inafewetsa akatumba a mwana wanga, koma sinam'chiritse

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera pa imelo kuti mwana wake wa zaka 4 ali ndi cerebral palsy, vuto la mu ubongo limene limaumitsa akatumba, amayenda ndi zala za kumapazi chidendene osagunda pansi. Akufunsa ngati jakisoni wa Botox angam'chiritse. Mayi mnzanga, kalata yanu ndaiwerenga katatu, nsima mpaka inapserera pamoto.

Wanga anabadwa osalira. Pofika zaka 2 akatumba ake anali gwaa, ukati umuimike miyendo inkapingasa ngati sizasi. Apongozi anga anati alipo wam'tchera mwanayu. Tinakwera minibasi mpaka kuseri kwa Mitundu, sing'anga anam'tema mphini m'mawondo monse, mbuzi yathu n'kutsala komweko. Zipserazo zilipo mpaka lero, ndikamam'sambitsa ndimadziimba mlandu. Ndiye pali anthu a pa depoti aja, amene akaona wabereka mwana wamkulu amati "mutsitseni ayende, mukum'lekerera." Mulungu awakhululukire, ine zikundivutabe.

Jakisoniyo anam'baya ali ndi zaka 5, madokotala ochokera kunja atabwera. Patatha sabata ziwiri chidendene chinagunda pansi. Ndinaimbira foni abale onse, ndinalulutira! Mwezi wachinayi kuuma kuja kunayamba kubwerera, ndipo ndinalira kuposa tsiku la mphini. Dokotala anali atanena kuti zidzatero, makutu anga ndi amene anasankha zomva.

Choncho wina akakuuzani kuti Botox imachiritsa cerebral palsy, gwirani chikwama chanu muzipita. Vuto lili mu ubongo, umene unavulala mwana asanabadwe kapena akubadwa, kapena ndi chikasu, kapena malungo a mu ubongo. Mankhwalawa ndi poizoni wa kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, wochepa kwambiri, amene amatseka uthenga wochoka mumtsempha kupita ku mnofu kuti ukungike. Ubongo saukhudza n'komwe. Mphamvu yake imatha pa miyezi 3 kapena 4, ndipo sabwereza masabata 12 asanakwane. Chimene chinatithandiza ife ndi mafizo a tsiku ndi tsiku pamphasa, chikhakha ndi nsapato zapulasitiki zogwira akakolo, pa nthawi imene mnofu unali wofewa.

Nanga inu mutani?

Yambirani ku mafizo pa Kamuzu Central Hospital, akaone ngati phazi likupindika akaligwira. Ngati mnofu unafupikiratu, jakisoni sathandiza, amaganizira za opaleshoni, monga amachitira ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Ngati mwana amatsamwa pakudya kapena amadwala chibayo pafupipafupi, nenani asanam'baye, chifukwa mwa apo ndi apo mankhwalawa amafooketsa kumeza ndi kupuma.

Wanga pano ali Sitandade 4. Amayendabe mopendekeka, nsapato yakumanzere imatha kutsogolo teremu isanathe.