Funsani Mlangizi: Ndapopera koma mbozi zikadali moyo

FUNSO: A Mlangizi, ndimalima kabichi ndi chimanga chachiwisi padimba. Mbozi zitandivuta, wogulitsa mankhwala anandipatsa ufa wina, ati muli mabakiteriya otchedwa Bt. Ndinapopera m'mawa dzuwa litakwera, koma mawa lake ndinapeza mbozi zili phee pamasamba, zamoyo. Kodi anandibera? Nanga mabakiteriya si aja amayambitsa kolera? Ana anga adya bwanji kabichi ameneyu?
Mayi wa padimba, Ntcheu

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi za ana, poti ndizo zikukusowetsani tulo. Mabakiteriya alipo mitundumitundu. Wa kolera ndi wina, amene amasandutsa mkaka kukhala chambiko ndi wina, ndipo inokulanti amene alimi a soya amasakaniza ndi mbewu nayenso ndi mabakiteriya. Bt, dzina lake lonse Bacillus thuringiensis, amakhala m'nthaka, ndipo si wachilendo. Katswiri wa ku Japan, Shigetane Ishiwata, anamutulukira mu 1901 akufufuza chimene chinkapha mbozi zopanga ulusi wa silika, ndipo ku France anayamba kumugulitsa ngati mankhwala a mbewu mu 1938.

Bakiteriyayu amapanga timibulu ta puloteni timene timasungunuka m'matumbo a mbozi, momwe mulibe asidi, n'kuboola matumbowo. M'mimba mwa munthu muli asidi, choncho timibuluto timangogayika ngati chakudya china chilichonse. Tsukani kabichi monga mwa masiku onse, ana adye.

Tsono za kuberedwa. Ine ndikuona kuti mankhwalawo mwawaweruza msanga. Alimi ambiri tinazolowera mankhwala oti ukapopera, mbozi n'kugwa uli pomwepo. Bt sapha pokhudza khungu ayi, mpaka mbozi idye tsamba lopoperedwalo. Ikadya, imasiya kudya pakangopita maola ochepa, koma imafa patatha masiku awiri kapena atatu. Mbozi munazipeza zili phee zija mwina zinali zitadwala kale. Mukapita kudimba musamangowerenga mbozi, yang'anani masamba. Kodi pali mabowo atsopano? Nanga zitosi zaziwisi? Ngati palibe, ntchito yagwirika, ndipo posachedwa muona mbozizo zitada, zili lende, zofewa.

Pamene panalakwika ndi pa nthawi. Dzuwa limawononga Bt, moti pamasamba mphamvu yake imatha m'masiku owerengeka. Poperani madzulo dzuwa litapendeka, kuti mbozi zikamadya usiku zipeze mankhwala akadali ndi mphamvu. Pa kabichi lozetsani mpope kunsi kwa masamba, chifukwa timbozi tobiriwira tija, timene tikakhudzidwa timadzigwetsa n'kulendewera pa kaulusi, timadyera kumeneko. Sungunulani okwanira tsiku lomwelo basi. Bwerezani pakatha sabata, kapena mvula ikatsuka masamba. Paketi yotsala isakhale pawindo kapena pafupi ndi moto.

Pa chimanga ndiye pali nkhani. Ntchemberezandonda, zimene mu Disembala 2017 zinachititsa boma kulengeza kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka, zikakula zimalowa m'kati mwa nsonga ya chimanga n'kudziphimba ndi zitosi zake zonga utuchi. Zikafika pamenepo, Bt simungamudalire. Amagwira bwino pa timbozi tongoswa kumene, pamene masamba angoyamba kuoneka timawanga toyera topalidwa. Ndiye yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikangomera, ndipo popopera lozetsani m'nsonga mwenimwenimo. Werenganinso papaketi: mtundu wolembedwa aizawai umaposa wa kurstaki pa mbozi zimenezi, pamene pa kabichi yonse iwiri imagwira.

Chimene ine ndimamukondera Bt n'choti amasiya njuchi, mavu ndi nyerere, omwe ndi aganyu anu osalipidwa. Alimi amene amawaza msuzi wa usipa pachimanga amaitana nyerere zomwezo kuti zidzadye mbozi, ndipo nzeru imeneyi imayenda bwino limodzi ndi Bt. Koma kusankha kwakeko kuli ndi mbali ina: nsabwe za pamasamba, ziwala ndi anankafumbwe sawakhudza n'komwe. Komanso musamudalire yekha chaka ndi chaka. Ku Hawaii mbozi za kabichi zinafika pomupirira cha m'ma 1990 chifukwa chopopera mowirikiza. Sinthanitsani ndi nimu, ndipo mbozi zikuluzikulu muzingotola ndi manja.

Pomaliza onani ngati paketiyo ili ndi tsiku lothera mphamvu, komanso ngati mankhwalawo ndi ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Ufa wopimidwa m'kapepala kopanda dzina, umenewo sindingauikire kumbuyo.

FUNSO: Kodi aliponso mabakiteriya ochiza matenda a tomato?
Mlimi wachinyamata, Dedza

YANKHO: Achimwene, oteteza alipo, koma ochiza ayi. Bacillus subtilis amamanga mudzi pamizu ndi pamasamba, n'kumalimbirana malo ndi chakudya ndi tizilombo toyambitsa matenda, komanso amatulutsa zinthu zolepheretsa nkhungu kukula. Amafunika kufika matenda asanafike, choncho yambirani kunazale. Tomato amene wanyala kale, zulani mukatenthe kutali ndi dimba, ndipo pamalopo musabzalepo tomato, mbatatesi kapena mabilinganya kwa zaka zingapo.