Giza ya sola: ndisanakuyankheni, imvani zimene zinandionekera

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti pakhomo pawo alipo asanu, bilu ya magetsi yawafika m'khosi, ndiye akufunsa ngati agule giza ya sola ya machubu agalasi kapena yafulati ija. Mayi, mwandigunda pachilonda.

Giza yanga yoyamba inali ya machubu 20, thanki ya malita 200. Miyezi yoyambirira tinkasangalala nayo ndithu, ana ankasamba madzi otentha m'mamawa popanda kuyatsa kanthu. Kenako madzi anasiya kutuluka m'mipopi kwa masiku angapo. Ife tinapitiriza kutunga mpaka thanki inauma, ndipo otsala m'machubu anawira n'kuphwa. Tsiku limene madzi anabwerera linali masana, dzuwa lili paliwombo. Ndili pakhonde ndinangomva phokoso padenga, kenako madzi kuyenderera m'malata pamodzi ndi tizidutswa ta galasi. Machubu atatu anasweka. Mwana wanga wamng'ono ankasewera chapafupi pomwepo, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Galasi lotentha kwambiri likathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi limasweka. Wogulitsa ankadziwa zimenezi, amene anaika gizayo ankadziwanso, koma palibe anandiuza. N'chifukwa chake ndimanena mosabisa: munthu amene akufuna kukugulitsani giza asanafunse za madzi anu ndi denga lanu, musiyeni apite. Ngakhale atatsitsa mtengo chotani, musiyeni.

Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu akaona zoterezi amanyoza sola yonse, ngati ndi chinthu chachilendo chosadalirika. Ayi. Clarence Kemp wa mumzinda wa Baltimore ku America analembetsa giza yake ya dzuwa mu 1891. Ku Israel lamulo la 1980 linalamula kuti nyumba zambiri zatsopano zikhale nazo. Kagwiridwe kake n'kosavuta: madzi akatentha amapepuka n'kukwera okha kupita m'thanki, ozizira amatsika kukatenthedwa. N'chifukwa chake thanki imakhala pamwamba, ndipo sipafunika pampu. Kutenthetsa malita 200 kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 kumadya magetsi opitirira pang'ono mayunitsi 9 (9 kWh). Zonsezo dzuwa limakupatsani ulere.

Za machubu, si onse ofanana, ndipo ogulitsa ambiri amadutsapo mwachangu apa. Alipo amene madzi amalowa m'galasi mwenimweni, ngati anga aja. Amenewa ndi otchipa, koma limodzi likasweka thanki yonse imakhuthuka, ndiponso madzi pa shawa amabwera mofooka chifukwa amangotsika okha kuchoka padenga. Ena ali ndi kapaipi ka kopa m'kati, kamene kamanyamula kutentha kupita kuthanki, madzi osakhudza galasi. Limodzi litasweka mumasambabe. Machubu ambiri a mitundu yonse iwiriyi ali ndi magalasi awiri, pakati pake anachotsapo mpweya ngati fulasiki, ndiye amasunga kutentha bwino kukazizira. Yafulati ndi mapaipi a kopa pansi pa galasi limodzi lolimba. Kumalo adzuwa lambiri imagwira bwino kwambiri, ndipo siisweka wamba.

Denganso musaliiwale. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 200 pamodzi ndi zitsulo zake imapitirira makilogalamu 250. Mmisiri akwere aone mitanda asanaike chilichonse. Ngati muli kumwera kwa ikweta giza iyang'ane kumpoto, ngati muli kumpoto iyang'ane kumwera, pamalo opanda mthunzi wa mtengo. Ndaonapo giza yokongola itayang'anitsidwa kumsewu kuti odutsa aziiona, eni ake akusamba madzi ofunda pang'ono chabe. Suzumiraninso m'ketulo yanu. Ngati pansi pake pamamatirira zoyera zolimba ngati laimu, zomwezo zidzamatirira m'giza, ndiye funsani momwe amaitsukira.

Nanga thanki ikule bwanji?

Werengerani malita 40 mpaka 50 pa munthu aliyense patsiku. Inu asanu, malita 200 angakukwanireni, koma ngati onse amasamba m'mawa ganizirani 250 kapena 300, chifukwa madzi a m'mawa ndi amene anatenthedwa dzulo. Ikhale ndi elementi ya magetsi yothandiza pa masiku amitambo, koma yoyatsa inu nokha kapena yokhala ndi taimala. Ikamangoyaka usiku wonse, dzuwa lidzapeza madzi atatentha kale ndipo bilu siitsika. Madzi a m'thanki azifika madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella, toyambitsa matenda a m'mapapo, tisaswane, koma kutentha kumeneko kumawaula khungu la mwana, choncho muikitse valavu yosakaniza otentha ndi ozizira. Pamenepa musanyengerere.

Ndiye yankho langa, mayi: ngati madzi anu amabwera ndi mphamvu ndipo mumasamba pa shawa, tengani yafulati kapena ya machubu okhala ndi kopa. Ngati thumba likulola ya madzi olowa m'galasi yokha, igulenibe, koma ikauma tsekani mpopi wolowetsa madzi, mudzautsegule usiku kapena m'bandakucha machubu atazizira.