Journal ikufuna madola 2,000 kuti pepala langa liwerengedwe mwaulere, nditani?

Achemwali, mwati pepala lanu la kafukufuku wa chimanga ku Bunda alivomera, koma akufuna madola 2,000 a APC (ndalama yomwe wolemba amalipira kuti pepala liwerengedwe mwaulere), ndipo ku dipatimenti akuti kulibe ndalama. Musathamangire kukatenga ngongole.

Yambani mwaona ngati journal imeneyo ndi ya hybrid. Ma journal ambiri a makampani osindikiza a Elsevier, Springer ndi Wiley ndi otero: amalipira ndi yekhayo amene wasankha open access, kutanthauza kuti aliyense awerenge pepala lake mwaulere. Mukasankha subscription, pomwe amalipira ndi owerenga, APC simulipira. Pepala amalitsekera, inde, koma ambiri amalola kuti muike mu repository (nkhokwe ya pa intaneti) ya yunivesite kope lomwe analivomera, la Word lija lomwe munakonza potsatira ndemanga za ma reviewer. PDF yokhala ndi chizindikiro cha kampani si yanu mukasaina fomu yopereka copyright, n'chifukwa chake ena akaiika pa ResearchGate amauzidwa kuti aichotse. Ena amati mudikire miyezi 12 kapena 24 musanaike kope lanulo poyera. Lembani dzina la journal pa webusayiti ya Open Policy Finder, yomwe kale inkatchedwa Sherpa Romeo, malamulo ake atuluka.

Ngati ndi ya open access yokhayokha, pemphani waiver, kutanthauza kuti akukhululukireni APC, lero lomwe. Malawi ali mu Gulu A la Research4Life, ndondomeko yothandiza ofufuza a m'maiko osauka, ndipo makampani ambiri amakhululukira olemba a m'maiko amenewa ndalama yonse. Apa pali misampha iwiri. Woyamba, makampani amayang'ana komwe corresponding author (wolemba amene amalumikizana ndi journal) amagwira ntchito, ndiye ngati udindowo munaupereka kwa mnzanu wa ku Norway pomulemekeza, bilu ibwera yathunthu. Ena amafuna kuti olemba onse akhale a m'maiko oyenerera. Winawo ndi nthawi: waiver imapemphedwa potumiza pepala, ndipo likavomerezedwa ena amakana. Pemphanibe, pa imelo ya yunivesite osati Gmail, mulembe mosazungulira kuti kafukufukuyu analibe thandizo la ndalama zosindikizira.

Pepala lotsatira muyambire pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa ma journal a open access. Ma journal oposa theka kumeneko salipiritsa wolemba, ndipo mutha kusefa kuti muone okhawo. Onaninso AJOL, komwe kuli ma journal a mu Africa. Awo amene amakutumizirani imelo yokutamandani, kulonjeza kusindikiza pa sabata imodzi, asiyeni ngakhale atchipe bwanji. Peer review yeniyeni, yomwe akatswiri anzanu amaunika pepala, siitha m'masiku asanu, ndipo pepala likatuluka kumeneko journal yabwino silingalitengenso.

Mwafunsanso za komwe mungaike data yanu poyera. Zenodo, nkhokwe ya pa intaneti ya bungwe la sayansi la CERN, ndi yaulere, imalandira mpaka 50 GB ndipo imapereka DOI, nambala yosasintha yopezera data yanu pa intaneti, yoti muilembe m'pepalamo. Ikani fayilo ya CSV pamodzi ndi codebook yofotokoza tanthauzo la kolamu iliyonse ndi muyeso wake, kaya ndi makilogalamu pa hekitala kapena matumba pa ekala. Popanda iyo, ngakhale inuyo pakatha zaka ziwiri simudzakumbukira kuti Q14b chinali chiyani. Kuchotsa mayina ndi manambala a foni sikukwanira. GPS ya pakhomo, kapena dzina la mudzi kuphatikiza zaka zakubadwa ndi chiwerengero cha ana, zimamuulula mlimi kwa aliyense wa dera limenelo. Werenganinso fomu ya chilolezo yomwe alimiwo anasaina kapena kudinda chala. Ngati sinatchule zogawana data, bwererani ku komiti ya ethics yomwe inavomereza kafukufukuyu musanaike chilichonse.

Tsegulaninso ORCID, akaunti yokupatsani nambala yanuyanu ngati wofufuza, ndi yaulere, ndipo nambala yake muziilemba pa pepala lililonse. A Banda ndi a Phiri ndi ochuluka mu Google Scholar, ntchito zanu zingasakanikirane ndi za wina.