Mafunso a Owerenga: N'chifukwa chiyani mpira umangondidutsa pa kiriketi?

Funso: Akonzi, ndine mnyamata wa kusekondale ndipo ndayamba kusewera kiriketi chaka chino. Ndikamaonera masewera a T20, omwe ndi kiriketi ya nthawi yochepa, pa wailesi yakanema, akatswiri amamenya mpira chopingasa mpaka kukagwera kunja kwa bwalo, koma ine ndikati ndiyese zomwezo mpira umangondidutsa n'kugwetsa timitengo timene ndimayenera kuteteza kumbuyo kwanga. Kodi ndikulakwitsa pati? Wowerenga wa ku Limbe.

Yankho: Vuto lanu ndi loti mumasankhiratu kamenyedwe mpira usanachoke m'dzanja la woponya, pamene chimene chiyenera kukuuzani chochita ndi malo amene mpirawo wadunda. Pakati pa timitengo ta mbali ziwirizi pali mamita 20.12 okha, ndipo mpira wothamanga makilomita 140 pa ola umakufikani m'theka la sekondi, choncho maso ndi mapazi ziyenera kuzolowera kugamula zokha. Mpira ukadunda pafupi nanu, ponyani phazi lakutsogolo kufupi ndi pamene wadundapo, mutu uli pamwamba pa mpirawo, ndipo bat (thabwa lomenyera mpira) itsike choimirira moyandikana ndi mwendo kuti pasakhale mpata. Ukakhala wovuta mumangoutchinga kuti ugwere pamapazi panu, koma ukabwera bwino mumaukankha molunjika, ndipo kumenya kumeneku ndi kumene amati drive. Mpira ukadunda patali n'kukwera cha m'chiuno kapena pachifuwa, apo m'pamene mumabwerera m'mbuyo n'kumenya chopingasa: cut ngati wadutsa kunja kwa timitengo, kapena pull ngati walunjika thupi lanu.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukayang'ana bat yanu. Malamulo amati m'lifupi mwake isapitirire masentimita 10.8. Mukaigwira choimirira, utali wake wonse umatchinga njira ya mpira, kaya wakwera kaya wabwera chokwawa, koma mukaigoneka mumangotsala ndi masentimita ochepawo, ndipo pabwalo la zigumugumu pamene mpira sudunda mofanana, kuphonya n'kosapeweka. Dzanja lapamwamba ndi limene liyenera kutsogolera bat, lomwe ndi lamanzere kwa munthu womenya chakumanja. Lapansi likakanyanga chogwirira, bat imapotoka ndipo mpira umauluka m'mwamba kupita kwa ogwira.

Ine ndimaona kuti achinyamata ambiri amanyozera luso lodziletsa. Mu January 2004 ku Sydney, m'dziko la Australia, Sachin Tendulkar wa ku India, atatuluka (kutaya mwayi wake womenya) kangapo pofuna kumenya mipira yodutsa kunja kwa timitengo, anaganiza zosiyiratu cover drive, drive yomenyera mipira yotereyi, kamenyedwe kamene ankakadziwa bwino kwambiri. Anakhala pabwalo maola opitirira khumi, anakumana ndi mipira 436, ndipo anapeza ma run (mapointi a pa kiriketi) 241 osatuluka, mipira ya mbali imeneyo akungoisiya kuti idutse. Kunyumba mukhoza kuika mpira m'sokosi yakutha, kuimangirira ndi chingwe kunthambi ya mtengo, n'kumaumenya ndi bat yoimirira tsiku ndi tsiku kufikira manja atazolowera.

Funso: Nanga reverse sweep ndi kamenyedwe kololedwa, kapena ndi chibwana chabe? Wowerenga wa ku Harare.

Yankho: N'kololedwa, ndipo inu a ku Zimbabwe muli ndi chitsanzo chabwino mwa Andy Flower, amene ankakagwiritsa ntchito polimbana ndi oponya mpira wozungulira, ndipo mu 2000 anapeza ma run 232 osatuluka ku Nagpur posewera ndi India. Pa sweep wamba womenya amagwada ndi bondo limodzi n'kusesa mpira kupita mbali imene kuli miyendo yake, pamene pa reverse sweep amatembenuza bat n'kuusesera mbali inayo, kumene kaputeni wa timu inayo sanaikeko anthu okwanira. Kevin Pietersen wa ku England anachita kunyanya mu 2008 posewera ndi New Zealand, pomwe ankasintha kagwiridwe ndi kaimidwe komwe woponya ali mkati mothamanga, ndipo bungwe la MCC, losunga malamulo a masewerawa, linagamula kuti palibe cholakwika. Komabe, popeza bat imakhala yogona ndipo nkhope imatsika kufika mulingo wa mpira, musayese kamenyedwe aka musanavale chipewa choteteza kumutu.