Mafunso Anu pa Zaumoyo: Miyendo Ikamatentha ndi Kuphwanya Chifukwa Chothamanga

FUNSO: Alangizi, ndine mphunzitsi wa zaka 34 ndipo ndinayamba kuthamanga m'mamawa chifukwa ndikufuna kudzapikisana nawo pa mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje wotchedwa Porters Race. Ndikamakwera chitunda, ntchafu ndi akatumba zimatentha mpaka ndimaima, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri miyendo imaphwanya moti kutsika masitepe a kusukulu kumandivuta. Anzanga ena akuti ndizimwa Brufen ndisananyamuke, ena akuti ndikatemetse mphini kuti magazi oipa atuluke. Kodi ndingachite chiyani pakhomo? — Wowerenga wa ku Mulanje

YANKHO: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Zimene mwafotokozazi ndi mavuto awiri osiyana, ndipo chithandizo chake ndi chosiyananso.

Kutentha kumene mumamva pokwera chitunda kumabwera pamene minofu ikugwira ntchito molimba kwambiri moti ikufuna mphamvu mofulumira kuposa mmene mpweya umene mukupuma ungaperekere. Zikatero asidi amachuluka m'minofu, ndipo ndi amene amabweretsa ululu wotenthawo. Kutentha kumeneku si matenda ndipo sikufuna mankhwala, chifukwa mukangochepetsa liwiro kumazilala pa mphindi zochepa, ndiponso asidi wotchedwa lactic acid amene ambiri amamuloza chala amakhala atabwerera pa mlingo wake pakatha pafupifupi ola limodzi. Chimene chingakuthandizeni ndi kuthamanga masiku ambiri pa liwiro loti mungathe kulankhula ndi mnzanu chiganizo chonse osabanika, kufupikitsa mapazi pa chitunda, ndi kusachita manyazi kuyenda pamene pakwera kwambiri. Mukatero kwa masabata angapo, mudzaona kuti chitunda chomwe chinkakuimitsani mukuchikwera miyendo isanayambe kutentha.

Kuphwanya kwa tsiku lotsatira ndiko kumene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Kumayamba pakatha maola 12 mpaka 24, kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, ndipo nthawi zambiri kumatha sabata isanakwane. Kumachokera ku timing'alu tating'onoting'ono ta m'minofu ndi kutupa kumene kumatsatira pamene thupi likukonza malowo. Chimene chimang'amba minofu kwambiri ndi kutsetsereka, pakuti potsika ntchafu zimagwira ntchito yoletsa thupi kuti lisagwere kutsogolo, ndipo zimalimba pamene zikukokedwa. Mpikisano umene mukuukonzekerawu umayambira ku Likhubula, kukwera phiri la Mulanje, kenaka n'kutsikanso, choncho mtsetse muyenera kuuzolowera pang'onopang'ono, kamodzi pa sabata, kuyambira ndi waufupi. Minofu ikaphwanyapo kamodzi ndi ntchito inayake, ulendo wotsatira siiphwanya chimodzimodzi, ndipo chitetezo chimenechi chimakhala kwa masabata angapo.

Mukafika pakhomo musangodzigwetsa pa mphasa, koma yendani kaye mphindi 10 kufikira mtima utakhazikika. Ngati mwathamanga kwambiri, viikani miyendo m'beseni kapena m'ndowa ya madzi ozizira kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo kwanu kuno madzi a m'mamawa nyengo yozizira ndi okwanira popanda kufunafuna ayezi. Madzi ozizira amachepetsa ululu umene mungamve mawa lake, ngakhale kuti sapoletsa minofu mwamsanga. Kuyambira tsiku lotsatira, kuthowa kumene makolo athu akhala akuchita kumathandiza ndithu: viikani kansalu m'madzi otentha, kafinyeni, kayeseni kaye kumbuyo kwa dzanja kuti kasakuwotcheni, ndipo kaikeni pa katumba kapena pa ntchafu, n'kumakaviikanso kakazirala, kwa mphindi 15 kapena 20. Mukatha, pakani timafuta pang'ono m'manja, ngakhale ophikira, n'kumasisita kuchokera ku akakolo kukwera m'mwamba, mosakanikiza mpaka kulira. Koma pamene mwabinya kapena pamene patupa tsiku lomwelo musathowepo, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Tsiku limene miyendo yaphwanya, kuyenda pang'ono kapena kupalasa njinga pa malo a see kumapepula thupi kuposa kugona tsiku lonse. Kuwongola minofu musanathamange kapena mutathamanga kuli ndi ubwino wake, koma kafukufuku waonetsa kuti sikuletsa kuphwanya kwenikweni, choncho musakudalire.

Chakudya ndicho chimene ambiri amachinyalanyaza, makamaka amene amathamanga m'mamawa n'kuthamangiranso ku ntchito atangomwa tiyi. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakwanira pafupifupi mphindi 90 za kuthamanga molimba, ndipo akapanda kubwezeretsedwa miyendo imalemera tsiku lotsatira. Pasanathe ola limodzi kapena awiri chithamangireni, imwani thobwa, idyani nthochi, mbatata kapena phala lothira nsinjiro, ndipo pa nsima yanu pakhale ndiwo zomanga thupi monga usipa, mazira, nyemba, nandolo kapena soya, pakuti timing'alu tija timakonzedwa ndi zakudya zimenezi. Tulo ta maola 7 mpaka 9 ndi tofunika chimodzimodzi, ndipo mowa usiku wa tsiku limene mwathamanga kwambiri umachedwetsa kuchira. Tiyi wa jinja angachepetseko ululu pang'ono kwa amene amamwa tsiku ndi tsiku, koma sangalowe m'malo mwa chakudya ndi tulo.

Pa nkhani ya madzi, ngati muli ndi sikelo dziyezeni musananyamuke ndi pobwera, chifukwa kilogalamu imodzi imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo muyenera kumwa lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono m'maola otsatira. Mukathamanga nthawi yaitali kukutentha, sungunulani paketi ya Thanzi ORS monga mwa malangizo ake, kapena thirani timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Musadzikakamize kumwa madzi ochuluka mopitirira ludzu, chifukwa nawonso amasungunula mchere wa m'magazi ndipo zimenezi ndi zoopsa.

Malangizo a anzanuwo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musawatsate. Brufen, diclofenac ndi mankhwala ena a mtundu umenewo angathe kuvulaza impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba, makamaka pamene munthu akuthamanga mtunda wautali ndipo madzi achepa m'thupi, komanso amabisa ululu umene ukanakuchenjezani kuti mwavulala. Ngati ululu ukukulepheretsani kugona, Panado kwa tsiku limodzi kapena awiri, motsatira mlingo wolembedwa pa paketi, ndi wabwinopo. Mphini nazo sizichotsa kalikonse, pakuti m'miyendo yanu mulibe magazi oipa, ndipo lumo lingakupatseni kafumbata, matenda a chiwindi kapena kachilombo ka HIV ngati lagwiritsidwa ntchito pa munthu wina.

Pali zizindikiro zimene sizifuna chithandizo cha pakhomo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka pamene minofu ikupweteka kwambiri, chifukwa zimenezi zingasonyeze kuti minofu yawonongeka koopsa ndipo impso zili pangozi. Chitaninso chimodzimodzi ngati katumba wa mwendo umodzi watupa ndi kutentha, ngati pa msongolo pali malo amodzi opweteka kwambiri mukawakhudza ndi chala, kapena ngati mukumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka pothamanga.

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndakhala ndikuthamanga kwa zaka zingapo popanda vuto, koma miyezi iwiri yapitayi ndikumatopa msanga ndiponso mtima ukumagunda kwambiri pa kamtunda kamene kale sikankandivuta. Kodi ndidye chiyani? — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, kutopa kumene kwakhala miyezi iwiri kwa munthu wozolowera kuthamanga sikufanana ndi kwa aphunzitsi a ku Mulanje aja, ndipo musanasinthe zakudya kayezetseni magazi. Kuchepa kwa magazi kumagwira kawirikawiri amayi othamanga chifukwa cha msambo, mimba ndi kuyamwitsa, ndipo malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zimachepetsa magazi mwakachetechete. Akapeza kuti magazi ndi ochepa, adzakupatsani mapiritsi a ayironi ndi kufufuza chimene chikuwachepetsa. Pakhomo onjezerani chiwindi, nyama, usipa, nyemba ndi bonongwe, muzidyera pamodzi ndi malalanje, magwafa kapena malambe kuti ayironi alowe bwino m'thupi, ndipo tiyi muzimwa patapita ola limodzi kapena kuposerapo chidyereni. Kufikira mutaonana ndi adokotala, chepetsani mtunda ndi liwiro, ndipo tsiku limene thupi latentha musathamange.