Kampani ikagwa, gemu ya wrestling imapita kuti?

Achimwene, mwafunsa ngati magemu a wrestling akadali ndi tsogolo, poti mwamva kuti eni ake a THQ Nordic, omwe anatulutsa AEW: Fight Forever (gemu ya AEW, kampani ya wrestling yopikisana ndi WWE), akhala akutseka masitudiyo ndi kuchotsa anthu ntchito chifukwa cha ngongole. Mwafunsanso ngati zomwezo zingagwere gemu ya WWE. Ena akuyankhani kale kuti basi zatha, koma ine ndikuona mosiyana. Gemu ya WWE idzatulukabe, ngakhale kampani yomwe ikuigulitsa lero itagwa mawa. Chimene chili pangozi ndi china: anthu odziwa kupanga gemu ya wrestling yokoma m'manja, komanso mpikisano woti wina azikankha mnzake.

Pa gemu iliyonse yotere pamakhala anthu atatu. Pali mwini dzina, monga WWE kapena AEW, yemwe ali ndi nkhope za omenya, nyimbo zolowera ndi malamba. Pali kampani yoika ndalama, kutsatsa ndi kugulitsa, monga 2K kapena THQ. Ndiye pali situdiyo yomwe imakhala pansi n'kulemba gemuyo, monga Yuke's ya ku Japan. Amene amagwa kawirikawiri ndi wapakatiyu. Akagwa, laisensi, chilolezo chogwiritsa ntchito dzina lija, sifa naye. Zili ngati msewu wa Blantyre–Limbe: mwini minibasi akalephera kulipira ngongole galimoto n'kulandidwa, okwera sasowa pa siteji, m'mawa mwake wina wayika kale yake.

Zimenezi zachitika kangapo. Acclaim ndi yomwe inapanga WWF War Zone mu 1998 ndi WWF Attitude mu 1999, nthawi imene WWE inkatchedwa WWF. Laisensi itapita ku THQ, Acclaim inayesa ndi ECW, kampani ina yaing'ono ya wrestling, kenako Legends of Wrestling, mpaka inagwa mu 2004. Magemu a WWE sanaphonye ngakhale chaka. Midway inatulutsa TNA Impact!, gemu ya kampani ina ya wrestling yotchedwa TNA, mu 2008, ndipo mu February 2009 inali kale kukhoti, ngongole zitaikulira. Warner Bros. inatola Mortal Kombat n'kuipititsa patsogolo, koma TNA Impact! yachiwiri ya pa PlayStation ndi Xbox sinatulukenso. Apa muone kusiyana kwake: dzina lalikulu limapeza wolitola msanga, laling'ono limatsala pansi.

Nkhani yaikulu ndi ya THQ yoyamba ija, ya ku California, yomwe ambiri a ife tinakulira pa magemu ake. Here Comes the Pain ya 2003 ndi SmackDown vs. Raw zonse zija, zomwe ankalipiritsa pa machi m'tizipinda ta PS2 m'misika, zinali zake. Sikuti wrestling ndi imene inaigwetsa. Gemu ya WWE inali imodzi mwa zochepa zomwe zinkaibweretsera ndalama chaka ndi chaka. Chinaipweteka kwambiri ndi kachipangizo kojambulira kotchedwa uDraw, komwe kanayenda bwino pa Wii, iwo n'kukapangira PS3 ndi Xbox 360 mochuluka zedi, zidutswa pafupifupi 1.4 miliyoni n'kungokhala m'nyumba zosungira katundu. Onjezani kugwa kwa msika wa magemu a ana, omwe makolo anayamba kuwapeza aulere pa foni. Mu December 2012 THQ inakadzipereka kukhoti, ndipo pa mndandanda wa omwe inali nawo ngongole WWE inalipo ndi madola pafupifupi 45 miliyoni. Mu January 2013 katundu anagulitsidwa pa okushoni: Sega inatenga situdiyo ya Relic, Koch Media inatenga situdiyo ya Volition, Ubisoft inatenga gemu ya South Park. Laisensi ya WWE inapita kwa Take-Two, eni ake a 2K, ndipo mu October chaka chomwecho WWE 2K14 inali m'mashopu. Wosewera wamba sanaone kusintha kwina kupatula chizindikiro cha pa kava.

Chifukwa chake n'chosavuta: 2K inatenga laisensi pamodzi ndi Yuke's. Anthu omwewo amene ankapanga gemuyi kuyambira WWF SmackDown! ya 2000 pa PlayStation yoyamba anapitiriza ntchito yawo, anangosintha wowalipira.

Tsoka lenileni linabwera pa nthawi imene panalibe kampani yomwe inagwa. Mu 2019 Yuke's ndi 2K anasiyana, ntchito yonse n'kutsala m'manja mwa Visual Concepts, situdiyo ya 2K yomwe imapanga NBA 2K. Analandira injini yakale, pulogalamu yomwe gemu imamangidwirapo, yomwe sanailembe okha, tsiku lotulutsira lili lomwelo. Amene munagwirako WWE 2K20 mukukumbukira. Womenya ankalowa mu ring nkhope itachoka, kungotsala maso, mano ndi tsitsi zikuyandama. Mwendo unkakodwa m'zingwe n'kuyamba kuzungulira ngati wathyoka, ena ankamira pansi pa ring mpaka m'chiuno, refu n'kumangoyang'ana osawerenga. Ndiye pa 1 January 2020 gemu inayamba kuzima yokha m'magawo angapo chifukwa choti chaka chasintha, moti anthu ankabweza deti ya PS4 ku 2019 kuti asewere, mpaka 2K itakonza. WWE 2K21 anaithetsa, m'malo mwake anatulutsa kagemu kazidole ka Battlegrounds, ndipo gemu yeniyeni inabweranso mu March 2022. Take-Two ndi eni ake a GTA, ndalama sinali vuto. Chinasowa ndi anthu odziwa pomwe waya aliyense walumikizidwa.

N'chifukwa chake ndimati mukamva kuti kampani ili pa mavuto, funso loyamba lisakhale loti laisensi ipita kuti. Funsani kuti gulu lopanga gemulo likhala pamodzi kapena libalalika. Gemu ya wrestling ndi yovuta kupanga kuposa momwe imaonekera. Mu gemu ya mpira osewera amagundana pang'ono n'kusiyana. Mu wrestling matupi awiri amagwirana, wina wamtali ngati Big Show wina wamfupi ngati Rey Mysterio, ndipo suplex yomweyo iyenera kuoneka bwino pa onse, pafupi ndi zingwe, pa tebulo, pa makwerero, anthu asanu ndi atatu ali mu ring. Kenako pali nkhani yoti wrestling si ndewu yeniyeni koma sewero, ndiye gemu iyenera kukulolani kumenyedwa kwa mphindi khumi n'kudzadzuka kumapeto anthu akukuwa. Luso limeneli lili m'mitu ya anthu ochepa kwambiri padziko, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Japan.

Chitsanzo chomwe chimandiwawa ndi AKI. Iwowa anapanga WCW/nWo Revenge mu 1998, WrestleMania 2000 mu 1999 ndi WWF No Mercy mu 2000, zonse pa Nintendo 64. Kaseweredwe kake kanali kosavuta: kudina batani pang'ono ndi kugwira kopepuka, kulikanikiza nthawi ndi kugwira kwamphamvu, ndipo mphamvu za womenya zinkakwera kapena kutsika malinga ndi momwe machi akuyendera, osati kungotha ngati batire. Mpaka lero anthu akusinthabe No Mercy pa kompyuta, kuikamo omenya a masiku ano. AKI sinagwe. Inapanga Def Jam Vendetta ndi EA mu 2003, kenako inasintha dzina kukhala syn Sophia n'kumapanga magemu a zovala ndi zovina a atsikana. Kaseweredwe kaja kanapita ndi kubalalika kwa anthu ake, popanda khoti lililonse.

Tsopano za AEW. Choyamba, THQ Nordic si THQ yakale. Inali kampani yotchedwa Nordic Games, yomwe inagula zotsala za THQ mu 2013, monga Darksiders ndi Red Faction, kenako inagula dzinalo n'kuyamba kulitchedwa mu 2016. Kholo lake ndi Embracer Group ya ku Sweden, yomwe kwa zaka zingapo inkagula masitudiyo ngati ilibe mawa, ndi ndalama zobwereka pa nthawi imene chiwongoladzanja chinali chotsika. Mu May 2023 inalengeza kuti mgwirizano wa madola 2 biliyoni womwe inkadalira wakanika usiku womaliza. Mwezi wotsatira inayamba kudula. Volition inatsekedwa mu August 2023, Free Radical mu December, Saber ndi Gearbox zinagulitsidwa mu 2024, ndipo chaka chomwecho Embracer inanena kuti igawika patatu. Fight Forever inatuluka pa 29 June 2023, pakati penipeni pa chipwirikiti chimenechi.

Komabe ndikanama nditanena kuti Embracer ndi imene inalepheretsa gemuyi. Ndalama zopangira zinachokera kwambiri ku AEW yeniyo. Tony Khan, mwini wa AEW, ananena yekha mu 2021 kuti anaika ndalama zosachepera madola 10 miliyoni pa nkhani ya magemu. Opanga anali Yuke's, ndipo anaitananso Hideyuki Iwashita, amene anatsogolera No Mercy. Pa pepala zinali zokoma zedi. M'manja, machi a anthu awiri ndi okomadi, othamanga, osavuta kuphunzitsa mnzanu amene sanagwirepo padi. Koma gemu inachedwa mpaka mndandanda wa omenya unakalamba isanatuluke, gawo lopangira womenya wanu linali losauka, mitundu ya machi inali yochepa, ndipo omenya ambiri otchuka anabwera pambuyo ngati zogula zapadera. Munthu walipira mtengo wathunthu, kenako akumuuza kuti alipirenso. Anthu anachoka msanga. Ngati AEW itafuna gemu yachiwiri, wogulitsa angapezeke, THQ Nordic ikhalepo kapena ayi. Funso ndi loti kodi Khan angafune kutulutsanso ndalama zotere gemu yoyamba itayenda chonchi.

Apa ndiye pali nkhawa yanga yeniyeni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 THQ, Acclaim ndi EA onse ankapanga magemu a wrestling, ndipo mu 2000 mokha THQ inali ndi Yuke's pa PlayStation ndi AKI pa Nintendo 64, aliyense ndi kaseweredwe kake. Lero gemu yaikulu ndi imodzi. Magemu a 2K kuyambira 2K22 ndi abwino, sindikutsutsa, 2K24 makamaka. Koma wopanda mpikisano amachita zomwe akufuna. Gawo la MyFaction ndi lotolera makadi, ndipo limakukokani kuti muziwonjezera ndalama. Mitundu ina ya omenya imatsekeredwa m'menemo. Maseva amazimitsidwa msanga: a 2K22 anatsekedwa mu January 2024, zaka ziwiri zisanakwane, ndipo malo omwe munkatsitsako omenya opangidwa ndi osewera anzanu aja anapita nawo. Take-Two nayonso si kuti ilibe chipsinjo. Inagula Zynga ndi madola 12.7 biliyoni mu 2022, yakhala ikulemba maluzi aakulu m'mabuku ake, ndipo mu 2024 inachotsa anthu ntchito. Sindikuona ikugwa, GTA ilipo. Koma kampani yofuna kubweza ndalama zotere imafinya osewera, ndipo ife ndi amene timamva.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina. Wrestling tinayamba kuionera pa SuperSport mu 2017, ana akudziwa Roman Reigns ndi Cody Rhodes, koma ndi angati ali ndi PS5 ndi bandulo yotsitsira gemu ya magigabaiti makumimakumi, kenako n'kutsitsanso zokonza mwezi uliwonse? Disiki ya masiku ano payokha sikwanira. Yang'anani m'mafoni a anyamata, mupeza Wrestling Revolution 3D kapena Wrestling Empire, za Mat Dickie wa ku Britain, munthu mmodzi wopanga magemu yekha. Zithunzi zake n'zoseketsa, womenya amatha kuthyoka mwendo machi ali mkati kapena kukangana ndi bwana pa za malipiro, koma zimayenda pa foni yotchipa popanda intaneti. Ena akusewera SmackDown vs. Raw ya PSP pa emulator, pulogalamu yoyendetsa magemu a PSP pa foni. Kwa anthu amenewa Embracer igwe kapena isagwe, madzulo awo sasintha.

Ndipo magemu ang'onoang'onowa ndi omwe aonetsa kupirira. Fire Pro Wrestling inayamba mu 1989 pansi pa Human Entertainment. Human inagwa cha m'ma 2000, Spike inatola gemuyo pamodzi ndi ena mwa anthu ake, ndipo mu 2017 Fire Pro Wrestling World inatuluka pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a kompyuta, chaka chotsatira pa PS4 ili ndi omenya a New Japan, kampani ya wrestling ya ku Japan. Siifuna madola mamiliyoni ambiri, siifunanso laisensi kuti ikome, chifukwa osewera okha amapanga womenya aliyense amene angamuganize. Kumeneko ndi komwe ndikuyembekezera zatsopano, osati kwa kampani yaikulu ina yobwera kudzalimbana ndi 2K. Kupanga gemu ya msinkhu wa 2K kuchokera pa ziro kumafuna zaka zambiri ndi ndalama zomwe masiku ano palibe akufuna kuziika pa chiswe, makamaka popanda dzina la WWE pa kava.

Pa funso lanu loti mugule kapena mudikire: Fight Forever musaigule pa mtengo wathunthu, imatsika mtengo pafupipafupi, ndipo muigule chifukwa cha machi a pampando ndi anzanu, osati a pa intaneti. Za 2K, gulani ya chaka chatha, koma tsitsani omenya opangidwa ndi anthu omwe mukuwafuna maseva asanazimitsidwe, chifukwa akatseka palibenso kowatenga. Ngati muli ndi laputopu yakale chabe, Fire Pro Wrestling World imayenda pa makina ofooka, ingopirirani masiku oyamba, poti kumeneko kudina mabatani mwachisawawa sikuthandiza: mumadikira awiriwo agwirane, mawondo apinde, ndiye n'kudina kamodzi.